Dzina Lobwereka

"Ndiye mukuti munangobwereka?"

"Tsitsa mawu, Shirley. Makoma a nyumba za kuno ndi mapepala, azungu a khomo linalo akumva."

"Amve. Ndikufunsa ine, amami, dzina amabwereka ngati mchere?"

A Stella Matewere anali atangofika kuchokera kuchipatala, yunifomu ya unamwino ikadali m'thupi, nsapato imodzi atavula ina ayi. Mwana wawo Shirley anaima pakhomo la pabalaza, jekete likudontha mvula ya ku Middlesbrough, mvula ija yosadziwa kugwa, yosadziwanso kukata. Kulira sankalira. Mawu ake ankangotuluka ozizira, ngati akunena nkhani ya anthu ena.

"Andiitana ku yunivesite kuja ku Newcastle. Ine ndimayesa akufuna andiyeze yunifomu. Ndafika, azimayi awiri andikhazika pansi n'kundifunsa kuti bwanji sindinawauze kuti ndinachotsedwa ntchito kunyumba yosungira okalamba. Ndati ine ntchito sindinagwirepo chibadwire. Akuti ayi, Shirley Matewere, tsiku lobadwa lomweli, nambala yogwirira ntchito yomweyi, wagwira zaka ziwiri mashifiti ausiku. Akuti ndinagona pampando, gogo wina dzina lake Daphne n'kugwa m'bafa, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Akuti atandiitana kuti ndikadziyankhire ndinathawa. Pano dzina langa lili pamndandanda wa anthu oletsedwa kusamalira odwala. Amami, munthu woletsedwa kusamalira odwala angaphunzire unamwino?"

A Stella anavula nsapato inayo n'kuisuzumira m'kati, ngati yankho lili mmenemo.

"Kakhadi ka nambala kaja," anapitiriza Shirley, "kaja boma limatumizira mwana aliyense akakula. Munati kanga kanasochera ku positi."

"Kanafika."

"Kali ndi ndani?"

Kukhitchini mpopi unatsekedwa. Amene ankatsuka mbale kumeneko anali a Edwina, mng'ono wawo wa a Stella, chitsirizira m'banja lakwawo. Anabwera ku Ulaya ndi chiphaso cha mlendo, chiphasocho chinatha kalekale, iwo n'kutsala. Anali ochepa thupi, a nkhope yachibwana, ndipo mukudziwa kuti azungu zaka za munthu wakuda sadziwa kuziwerenga pankhope. Mbale ankatsukazo zinali zotsuka kale.

"Phokoso lanji m'nyumba ya mkulu wa mpingo?"

Amenewo anali a Sydney, bambo ake a Shirley, akutsika masitepe magalasi ali m'manja. Anali akauntanti, munthu womanga tayi ngakhale Loweruka.

"Adadi, inunso mumadziwa?"

"Khala pansi. Mwana safunsa bambo ake ataimirira."

Shirley anakhala pasofa ndi jekete lonyowalo.

"Dzina ukuliimbira nyimbolo unaligula sitolo iti? Unatuluka nalo m'mimba? Tsiku lokutulutsa m'chikuta agogo ako anati wotcha dzina akhale Edwina. Anali kamtsikana ka pulayimale, anakunyamula n'kunena kuti Shirley. Amayi ako atabwera kuno kudzagwira ntchito, ine n'kuwatsatira, anakulera ndani ku Chilomoni zaka zonse zija? Utadwala malungo anagona pansi pa bedi lako kuchipatala ndani? Ukwati anaukana chifukwa cha ndani? Lero wopereka dzina waligwirako pang'ono kuti apezeko ya sopo, iwe wayamba kutiimika pabwalo?"

"Kuti anandilera sindikukana."

"Ndiye chete. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Nanga sukulu yanga?"

"Sukulu zilipo zambiri. Chita za akaunti ngati ine, kumeneko safunsa za odwala. Ukakakamira unamwinowo, tikutumiza ku Malawi tchuthi chomwe chino, ukalumbire kwa loya, usinthe dzina. Ukhale Kondie kapena chilichonse, ukabwereko watsopano."

Shirley anawayang'ana bambo ake m'maso. "Ndiye ine ndisiye dzina, wobwereka atsale nalo."

"Mwanawe," anatero a Stella motsitsa mawu, "khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukakanena zoona, Edwina amukweza ndege. Ine andilanda chiphaso cha unamwino, pakuti khadilo linachoka m'manja mwanga. Nyumba ino ithera pomwepo."

"Mumati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Kwathu kuno adya ndi akulu, wapotedwa ndine."

"Pakamwa!" A Sydney anamenya tebulo. "Mvetsera bwino. Mapepala a chithandizo cha ndalama za sukulu unandipatsa aja ali m'chikwama changa. Amafuna ine ndisaine. Ukangotsegula pakamwa kwa azungu, ine sindisaina. Tione ngati kumeneko ukadye mabuku."

Shirley anaimirira. Pakhomo la khitchini anapeza a Edwina atagwada, manja akudontha madzi. Anawalambalala n'kukwera kuchipinda kwake. Anagona chagada osavula jekete, akudikira kuti mkwiyo ubwere, koma sunabwere. Mtima wake unali utachita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Patapita masiku anakweranso basi ya ku Newcastle kukaonana ndi mlangizi wa ophunzira, mzungu wonenepa wansangala dzina lake Michelle. Mayiyo anamufulira tiyi, n'kumukankhira bokosi la timapepala topukutira misozi. Shirley sanatengepo.

"Ine ndikukukhulupirira," anatero Michelle, "koma chikhulupiriro changa sichingachotse dzina pamndandanda. Akufuna umboni woti wogwira ntchitoyo anali munthu wina."

"Kunyumba ya okalambayo sangandione nkhope n'kunena kuti si ine?"

"Nyumbayo inagulitsidwa, antchito onse ndi atsopano. Bambo amene ankalemba anthu ntchito kumeneko anasowa. Chatsala ndi fotokope ya chithunzi. Ndaiona ine, ndi yakuda bii, kungooneka maso awiri basi. Ukudziwa amene anachita zimenezi?"

"Ndikudziwa."

"Ndi wachibale?"

Shirley anakankhira kapu ya tiyi pambali. Kenako anafunsa za chithandizo, ngati chingatuluke bambo ake atakana kusaina.

"Msinkhu wakowu boma limakuwerengera kuti ukadali mwana wa m'nyumba ya makolo. Popanda iwo, cha pogona ndi chakudya sichituluka. Njira ilipo imodzi, yoti ulembedwe kuti waima pawekha chifukwa makolo anakutaya. Koma nazonso zimafuna umboni. Abusa a kumpingo kwanu sangakulembere kalata?"

Shirley anatsala pang'ono kuseka. Abusawo Lamulungu lililonse ankadya kwa makolo ake a Shirley, ndipo thumba la mpingo linkasungidwa ndi a Sydney. Amalawi a ku Middlesbrough onse pamodzi sakanadzaza basi imodzi, ndipo aliyense mwa iwo anali ndi wake wobisika m'chipinda cham'mwamba. Ndani akanalemba kalata yotere?

"Malo ako tikusungira mpaka mwezi uno utatha," anatero Michelle pomuperekeza. "Ukadutsa pamenepo apatsa wina."

Ali m'basi yobwerera, akufuna tikiti m'chikwama, dzanja lake linakhudza kamakina kojambulira mawu kamene ankajambulira aphunzitsi ku koleji. Kanali kakang'ono ngati bokosi la machesi, kokhala ndi kanyali kofiira pamutu. Anakatulutsa n'kukagwira m'manja mpaka basi inadutsa machumuni a mafakitale n'kulowa m'tauni.

Kunyumba kunakhala ngati kuli maliro opanda mtembo. Anthu ankapatsana moni wa m'mawa ndi wa madzulo, basi. A Sydney ankatsogolera mapemphero monga kale, koma mavesi onse anali a kulemekeza atate ako ndi amako. A Stella anawonjezera mashifiti kuti asamapezeke pakhomo. Shirley ankadyera kuchipinda, ndipo akatsegula chitseko ankapeza mbale yovundikira ili pansi, wobweretsayo atachoka kale.

Loweruka lina masana, makolo onse atachokapo, a Edwina anagogoda atanyamula chipeso ndi botolo la mafuta.

"Tsitsi lakolo lakalamba. Bwera ndikumasule."

Shirley anafuna kukana, koma thupi linapita lokha. Anakhala pansi pakati pa mawondo awo monga ankachitira pakhonde ku Chilomoni. Zala zinayamba kuyenda m'mutu mwake, zala zomwe zija, zodziwa pamene pamamupweteka.

"Pano mumagwira kuti?" anafunsa Shirley.

"Ndimakolopa m'nyumba za anthu. Kumeneko safunsa dzina."

A Edwina anathira mafuta m'chikhatho n'kumupaka m'mutu.

"Gogo Daphne uja ankandikonda," anatero a Edwina. "Ankandibisira mabisiketi m'thumba la gauni. Sabata imeneyo ndinkagwira usiku kumeneko, masana kwina. Ndinangoti ndikhaleko pampando miyendo ipume. Akuti anaitana nthawi yaitali ali pansi m'bafamo. Shirley, Shirley. Ine m'tulomo ndinkamva ndithu, koma mumtima ndinkati akuitana mwana, adzuka ayankhe. Akanati Edwina, ndikanadzidzimuka."

"Munathawiranji atakuitanani?"

"Akanafuna pasipoti, mwanawe."

"Munaganizapo za ine?"

"Tsiku lililonse. Ndinkati zingotha zokha. Amayi ako anati mwana akadali pasukulu, nambalayo ikungokhala m'dirowa. Ine ndinali ndi manyazi kudya chakudya cha alamu osaponyapo kanthu. Tinkayesa tikubwereka diresi."

Osadziwa chifukwa chake, Shirley anawafotokozera zonse zimene Michelle ananena: za umboni woyamba woti wogwira ntchito anali wina, za umboni wachiwiri woti makolo amutaya, ndi za mwezi umene unali kutha.

"Umboni wake wotani?"

"Mawu. Wina anene ndi pakamwa pake, iwo amve."

Chipeso chinaima. Kenako chinayambanso kuyenda.

"Usagwedeze mutu," anatero a Edwina, "mzere ukhota."

M'mawa mwake, Lamulungu, a Sydney analengeza kuti akaweruka kutchalitchi banja likhala pansi, nkhaniyi ithe. Shirley anati mutu ukumupweteka, natsala. Anthu atachoka anatenga kamakina kaja n'kukamata ndi tepi kunsi kwa tebulo la pabalaza. Anakhala pasofa iliyonse n'kusuzumira, sikankaoneka. Atamva galimoto ikuima panja anadina batani, kanyali kofiira n'kuyaka.

Anali atayesa masofa onse, koma anaiwala chinthu chimodzi. A Edwina sankakhala pasofa alamu awo ali pomwepo. Zaka zonse za ku Ulaya sizinawachotse mwambo umenewo. Analowa, namanga chitenje pamwamba pa diresi la kutchalitchi, n'kukhala pakapeti atatambasula miyendo. A Sydney akupemphera pemphero lotsegulira, maso a a Edwina anaima kunsi kwa tebulo n'kukhala pamenepo kanthawi. Shirley sanaone, pakuti ankayang'ana pakamwa pa bambo ake.

"Amen. Tsopano mutu umodzi susenza denga. Takhala pano kuti mwana uyu atiuze kuti nzeru zabwerera."

"Ndili ndi funso limodzi lokha," anatero Shirley. "Amami, khadi langa anapereka kwa amayi aang'ono ndi ndani?"

A Stella anapuma mozama. "Mwanawe, ukudziwa kale. Ine ndi amene..."

"Achemwali, dikirani."

Onse anatembenuka. Chibadwire a Edwina anali asanadulepo mkulu wawo mawu. Anasendera pafupi ndi tebulo, naika manja pamiyendo, n'kuyamba kulankhula Chingerezi. Chinali Chingerezi cha kuntchito, chija cholankhulira nkhalamba zosamva bwino, chapang'onopang'ono, liwu lililonse palokha.

Anati dzina lawo ndi Edwina Kandulu. Anati khadi la Shirley Matewere analitenga okha m'dirowa ya kuchipinda, palibe anawapatsa, ndipo mkulu wawo ndi mwamuna wake sankadziwa kanthu. Anatchula nyumba ya okalambayo, msewu wake, ndi mwezi umene anayamba ntchito. Anati usiku umene Daphne anagwa, amene anali pantchito ndi iwo, amene anagona pampando ndi iwo, amene anathawa ndi iwo. Anati Shirley anali kunyumba akuwerenga, ndipo kumaloko sanapondeko phazi.

"Edwina, wadwala?" anafunsa a Stella. "Ukulankhula ndi ndani Chingerezi chimenecho? Komanso bwanji ukunama kuti ine..."

"Ndikulankhula ndi mwana, achemwali. Ana okulira kuno nkhani zolemera amazimva m'Chingerezi. Inu khalani chete, mwatopa ndi ntchito."

A Sydney anagwedeza mutu mokhutira. "Wamva, Shirley? Munthu wamkulu wadzichepetsa pamaso pako. Wavomera. Ukufunanso chiyani? Madzi akatayika saoleka. Nkhani yathera pano, tipemphere tidye."

"Mawa ndikupita ku Newcastle kukanena zoona."

"Wati chiyani?"

"Ndikufuna dzina langa, adadi."

"Ukamangitse mayi ako amene anakutafunira chakudya? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo! Anthu ku mpingo adzati chiyani? Kumudzi ndikawauza chiyani agogo ako, kuti mdzukulu wawo anagulitsa mwana wawo kwa azungu chifukwa cha yunifomu?"

"Mukawauze kuti mwana wanu munamupereka kaye inu."

A Sydney anavula magalasi. Mawu awo anatsika, ndipo amene ankawadziwa ankadziwa kuti akatsika choncho kwaipa.

"Mwana wopereka mbale wake ndi mfiti. Ukatuluka pakhomo apo ndi nkhani imeneyi, ine ndasamba m'manja. Ndidzati ndinabala mphepo."

"Alamu," anatero a Edwina ali pansi pomwepo, maso ali pakapeti, "zining'azo mwanayu sazimva. Muuzeni m'Chingerezi, asadzati sanamve."

A Sydney Chingerezi chawo ankachinyadira, ndipo mkwiyo wawo unkakonda kutulukira mmenemo. Anaimirira ngati ali paguwa, n'kuloza Shirley ndi magalasi.

"You are not my daughter. Get out of my house."

Anapitiriza m'Chingerezi chomwecho kuti sadzasaina pepala lake lililonse, sadzamulipirira kalikonse, ndipo asadzagogodenso pakhomo pawo, kaya pa Khirisimasi kaya pamaliro. Atamaliza anakwera masitepe n'kumenyetsa chitseko. A Stella anapinda kansalu ka patebulo, n'kukafunyulula, n'kukapindanso. Sanamuyang'ane mwana wawo. Kenako nawonso anakwera, a Edwina n'kupita kukhitchini kukatenthetsa chakudya chimene palibe anadya.

Shirley anagwada, namatula kamakina kaja, n'kukazimitsa. Analongedza chikwama chimodzi n'kupita kwa mnzake wa ku koleji, amene anamuyalira pasofa.

Lolemba Michelle anamvetsera zonse za m'kamakina kaja ofesi itatsekedwa. Pemphero ndi Chichewa chonse chinangomudutsa. Atafika pa mawu a a Edwina anayamba kulemba mofulumira. Atafika pa mawu a a Sydney nkhope yake inawala.

"Eya, izi ndiye zabwino kwambiri!" Kenako anadzigwira pakamwa. "Pepa. Ndimatanthauza kuti zikuthandiza. Bambo ako anena zonse zimene amafuna kumva, ndipo anena momveka. Uli ndi mwayi kuti pamalo ofunika onse analankhula Chingerezi."

"Ndili ndi mwayi," anatero Shirley.

"Koma ndikuuziretu. Ndikapereka izi, azakhali akowo adzafunidwa kuti atsimikize. Mapepala awo akaonedwa, m'dziko muno sakhalamo. Ndipereke?"

Shirley anafuna kumukonza kuti si azakhali, ndi amayi aang'ono, koma anaona kuti m'Chingerezi zonsezo ndi liwu limodzi, ndipo kufotokoza kukanatenga mphamvu imene iye analibe. Anayang'ana bokosi la timapepala lija. Linali lodzaza ngati tsiku loyamba.

"Perekani."

Sabata yotsatira Michelle anamuimbira foni. Anati a Edwina anapita okha kukatsimikiza asanaitanidwe n'komwe, dzina la Shirley likuchotsedwa pamndandanda, malo ake ali pomwepo. Anatinso pempho lake lavomerezedwa, tsopano walembedwa kuti ndi wophunzira woima payekha, wopanda makolo omuthandiza, ndipo alandira chithandizo chonse. Anamufunira mafuno abwino. Shirley anathokoza, nadula foni, n'kupitiriza kutsuka kapu imene anali kutsuka.

Anabwerera kunyumba kamodzi kokha, tsiku la pakati pa sabata makolo ali kuntchito, kukatenga bulangeti ndi mabuku. Kiyi wake anakana kulowa, loko anali atasintha. Chitseko chinatsegulidwa ndi a Edwina. M'kanjira ka m'nyumbamo munali sutikesi yakale imene a Edwina anabwera nayo kuchokera ku Malawi, yomangidwa ndi lamba pakati.

"Katundu wako ndalongedza kale. Ndaikamo ndi kapoto kakang'ono kaja, ndi mthiko. Kudya za m'mapaketi tsiku ndi tsiku udwala nazo."

"Sutikesiyo?"

"Lachinayi. Ndege ya boma, yaulere. Ndinabwera yolipira, ndikubwerera yaulere, ukuona mwayi wanga?"

Anaseka okha. Ananyamula thumba lalikululo, nakana kuti Shirley awathandize, n'kumuperekeza pamalo okwerera basi. Mvula ija inali ikuwaza. Anaima pansi pa kadenga kagalasi, anthu awiri ofanana kutalika.

"Amami ali bwanji?"

"Akugwira ntchito. Chiphaso chawo palibe wachikhudza. Usawade, mwanawe, ndi amantha chabe."

"Adadi?"

"Akudya bwino."

Basi inaonekera kumapeto kwa msewu. A Edwina anaika thumba pansi, n'kukonza kolala ya jekete la Shirley.

"Kamakina kako kaja," anatero, "mawu anga anamveka bwino? Ndimada nkhawa ndi firiji ija, imachita phokoso."

Shirley anawayang'ana.

"Munakaona."

"Ife okhala pansi timaona zambiri. Kanyali kake kankandiyang'ana m'maso pemphero lonse."

"Ndiye Chingerezi chija... ndi adadi aja..."

"Unati maumboni awiri. Ndikanakupatsa umodzi wokha, ukanakadya chiyani ku Newcastle? Alamu andikhululukire, ndinawakola ngati mbewa." Anapukuta mvula pamphumi pa Shirley ndi chikhatho. "Dzina lako ndakubwezera. Ndalidetsa, ukalichape."

Chitseko cha basi chinatseguka. Dalaivala anafunsa ngati akukwera kapena ayi. A Edwina anakweza thumbalo okha, n'kumukankha pamsana monga ankachitira pomukweza minibasi ya kusukulu. Shirley analipira, napita kumbuyo, n'kukhala chakuwindo.

Basi ikunyamuka anawaona ataima pamvulapo, kamunthu kakang'ono m'jekete lobwereka, dzanja lili m'mwamba. Pamenepo dzanzi lija linayamba kumasuka, ndipo ululu unabwera wonse nthawi imodzi. Anafuna awaitane, osati amayi aang'ono, koma amayi basi. Anagwira windo n'kulikankha ndi manja onse awiri. Mawindo a mabasi a kuno satseguka.